“A Sata ndi athu”: Chikatolika ndi mavoti mu Lusaka

Patatsala masiku ochepa kuti chichitike chisankho cha 2011, chimene a Michael Sata ankapikisana ndi pulezidenti Rupiah Banda wa kum'mawa, mphakati wathu unakumana kwa azakhali anga ku Mtendere, mu Lusaka. Titamaliza korona, mabenchi asanabwezedwe kwa eni ake, mayi wina wa gulu la Chikatolika la Legio ya Maria anati, “Abale, ulendo uno tisasokonezeke. A Sata ndi athu, amapemphera ku St Ignatius.” Amalume, amene kwawo ndi ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, anayamba apukuta kaye magalasi ndi nsonga ya malaya, kenako anafunsa, “Nanga a Rupiah, mayi, ndi a yani? Wako ndi wako.” Onse awiri ankanena za munthu wawo, koma wina ankawerenga za mpingo, wina za kumudzi.

Kwa ife akum'mawa, mawu akuti “athu” pa nkhani ya mpingo ali ndi mizu yakuya. Adachi, a mpingo wa Dutch Reformed, anatsegula mishoni ya Magwero mu 1899, ndipo ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere, kumalire ndi Malawi, mu 1903. Mishoni iliyonse inali ndi midzi yake ndi sukulu zake, moti agogo ankasimba kuti mwana wa Akatolika akafuna kukwatira kwa Adachi, nkhani inkakhala ya akuluakulu. Koma ana a midzi imeneyo atabwera kudzafuna ntchito ku Lusaka, anapezeka akutunga madzi pampope umodzi ku Kalingalinga ndi ku Chawama.

Nthawi ya a Kenneth Kaunda funso la mpingo wa mtsogoleri linalibe polowera. Iwo anali mwana wa a David Kaunda, mlaliki wa mishoni ya Church of Scotland ku Lubwa, ndipo kuyambira 1973 papepala lovotera pankakhala dzina limodzi, iwe n'kusankha inde kapena ayi. Akuluakulu amasekabe akakumbuka chaka chimene ayi ankaimiridwa ndi chule. Mphamvu ya Akatolika pa ndale inkaonekera m'makalata. Mu 1979 boma la UNIP, chipani cha a Kaunda, litafuna kulowetsa maphunziro a sosholizimu ya Marx m'sukulu, maepiskopi pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina analemba kalata yokana. Mu 1990, anthu atachita zipolowe chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa, analembanso ina yodzudzula kayendetsedwe ka dziko. Ndipo mu July 1991, a Kaunda ndi a Frederick Chiluba atasemphana pa malamulo oyendetsera dziko, atsogoleri a mipingo ndi amene anawakhazika pansi mu tchalitchi chachikulu cha Anglican, cha Holy Cross, kuno ku Lusaka. Pa awiriwo panalibe Mkatolika.

Pa 29 December 1991 a Chiluba, atangokhala miyezi iwiri pampando, analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Munthu akanayembekezera kuti mpingo waukulu ngati wa Katolika uomba m'manja poyamba. Sizinatero. Maepiskopi anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo ankati Chikhristu cha dziko chizioneka pa mmene likusamalira osauka, osati pa chilengezo. Anatsutsanso pamene mawuwo ankalowetsedwa m'mawu oyamba a malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Nkhawa yawo inali yakuti boma likavala mkanjo wa mpingo, wolidzudzula amaoneka ngati akulimbana ndi Mulungu.

Tsopano imvani izi, chifukwa ambiri a ife tinaziiwala. Mu 2001 a Chiluba atafuna kuimanso kachitatu, maepiskopi anagwirizana ndi mipingo ina, bungwe la maloya ndi mabungwe a amayi kupanga Oasis Forum, n'kukana kwamtuwagalu. Mmodzi mwa amene ankakankha kwambiri ganizo la kachitatulo anali mlembi wamkulu wa chipani cholamula cha MMD, a Michael Sata, Mkatolika wodziwika. Mwana wa mpingo anali tsidya lina, abusa ake tsidya lina. A Chiluba atasankha a Levy Mwanawasa kuti ndiwo aimire chipani, a Sata anatuluka n'kuyambitsa chipani cha Patriotic Front (PF). Anagonja mu 2001, mu 2006 ndi mu 2008.

Chinasintha n'chiyani mu 2011? Boma la a Rupiah Banda linkakhulupirira kuti ansembe akugwirira ntchito PF, makamaka poona Bambo Frank Bwalya akuyenda ndi makadi ofiira, onga a oimbira mpira, kuuza anthu kuti boma lituluke m'bwalo. Maepiskopi ankayankha kuti mpingo sulozera munthu chipani, ndipo malamulo a mpingo amaletsadi wansembe kulowa m'zipani. Koma amene anali mu Lusaka chaka chimenecho akudziwa zomwe zinkamveka m'maminibasi ndi ku Soweto Market: ntchito, misonkho yotsika, ndalama zambiri m'thumba pasanathe masiku 90. Achinyamata ankakuwa za bwato, chizindikiro cha PF, osati za korona. Mavoti atawerengedwa, a Sata anapeza pafupifupi 42 peresenti. Anapambana ku Lusaka, ku Copperbelt, ku Luapula ndi kumpoto, komwe Akatolika ndi ambiri, inde, komanso ndi komwe Chibemba chimalankhulidwa. Kum'mawa, kwawo kwa Kadinala Medardo Mazombwe, komwe maparishi a dayosizi ya Chipata amadzaza Lamulungu lililonse, anthu anavotera a Banda. Amalume sanali okha.

Lamulungu loyamba atalumbira, a Sata anapita ku St Ignatius, parishi ya Ajezuiti ku Rhodes Park, n'kulonjeza kuti adzalamulira dziko motsatira Malamulo Khumi. Kwa nthawi yoyamba Zambia inali ndi pulezidenti Mkatolika, ndipo mayi wa Legio uja anayenda sabata yonse atavala chitenje cha mpingo.

Chaka chisanathe kunachitika za ku Lundazi. Mu 2012 mtengo wa thonje unagwa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, alimi ali ndi ngongole za mbewu ndi mankhwala kumakampani. Wansembe wa parishi ya kumeneko, Bambo Viateur Banyangandora, wobadwira ku Rwanda, analalikira za umphawi wa alimiwo ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Apolisi anawatenga, n'kupita nawo ku Lusaka, ndipo boma linawathamangitsira ku Rwanda ponena kuti ankautsa anthu. Ambuye George Lungu a ku Chipata analemba kalata yowawa mtima yofunsa chimene wansembe wawo analakwa. Pambuyo pake boma linabweza chigamulocho, koma anthu anali ataona kale. Ine ndimati mkangano wa ku Mtendere uja unaweruzidwa pamenepo. Pulezidenti wolandira Ukalistia, wolonjeza Malamulo Khumi, boma lake linapitikitsa wansembe chifukwa cha ulaliki wonena za thonje.

Ndi Bambo Bwalya nawonso ubwenzi sunakhalitse. Mu January 2014 ananena pa wailesi kuti a Sata ndi chumbu mushololwa, mawu a Chibemba otanthauza mbatata yopindika imene ukati uiwongole imathyoka, ndiye kuti munthu wosamva malangizo. Anawatsegulira mlandu wonyoza pulezidenti, koma khoti linawapeza osalakwa. A Sata anamwalira ku London pa 28 October 2014.

Za pambuyo pake n'zodziwika. A Edgar Lungu, atakhala pulezidenti mu 2015, anakhazikitsa tsiku la mapemphero a dziko lonse la 18 October ndi unduna woona za zipembedzo, umene maepiskopi anati ndi wosafunika. Mu 2017 mtsogoleri wa chipani chotsutsa, a Hakainde Hichilema, atamangidwa pa mlandu woukira boma, Ambuye Telesphore Mpundu, amene panthawiyo anali arkiepiskopi wa Lusaka, anasaina chikalata chonena kuti dziko lasanduka la ulamuliro wankhanza ngakhale dzinalo silinalembedwe. Munthu amene ankamuikira kumbuyoyo ndi wa Seventh-day Adventist, wopemphera Loweruka. Iye atalowa m'boma mu 2021, sipanatenge nthawi kuti akuluakulu a chipani chake ayambe kukokana ndi arkiepiskopi watsopano, Ambuye Alick Banda.

Pa 12 August 2021 ndinakumana ndi mayi wa Legio uja pamzere wovotera, atakhala pa kampando kamene mdzukulu anawanyamulira, korona ili m'manja. Amalume anali atatisiya kale. Ndinawapatsa moni, kenako mwanthabwala ndinati, “Amayi, nanga lero wathu ndi uti?”

Anandiyang'ana kaye, n'kukokera chitenje m'mwamba. “Mwanawe, thumba la ufa wagula zingati mwezi uno?”