Mwana wachira malungo a muubongo, koma khalidwe lasintha

Mwana akatsitsimuka n'kutuluka m'chipatala, makolo timapuma, tikumati za malungo zathera pomwepo. Kwa ana ambiri zimathadi. Koma ena matendawa amawasiyira chipsera mkati mwa mutu, ndipo chimadzaonekera patapita miyezi.

Tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium falciparum timalowa m'thupi udzudzu waukazi wa anofelesi ukaluma. Timakhala m'maselo ofiira a magazi, ndipo maselowo amayamba kumatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta muubongo. Magazi sayenda bwino, ubongo umatupa. Mu 2015 madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, atajambula ana ndi makina a MRI oonetsa za mkati mwa mutu, anasonyeza kuti kutupaku ndiko kumapha ana ambiri odwala matendawa, chifukwa ubongo wotupa umafinya mbali imene imayendetsa kupuma. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wa mu 2010, anapeza kuti mwa ana atatu alionse opulumuka, pafupifupi mmodzi amatsala ndi vuto: khunyu, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kuvutika kuyankhula, kapena kusintha khalidwe.

Kusintha khalidweku ndi kumene kumazunzitsa ana, chifukwa sikuoneka ngati matenda. Mwana amene anali wofatsa amayamba kupsa mtima msanga, kumenya anzake, kusakhazikika malo amodzi, kuiwala zimene wangouzidwa kumene. Kusukulu amati ndi mbuli, kunyumba amati wachita mwano, ena amati walodzedwa. Ndiye chikwapu chimabwera. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, pakuti mwanayo sakuchitira dala. Mbali za ubongo zimene zimamuthandiza kudzigwira ndi kutchera khutu zinavulala. Ubongo wa mwana ukadali kukula, ndipo zimene akukumana nazo tsiku ndi tsiku zimauumba. Mantha ndi kumenyedwa zimawonjezera vutolo. Kumuyankhula modekha, kumuuza chinthu chimodzi pa nthawi, kusewera naye, kumupatsa chakudya cha magulu asanu ndi limodzi, zimamuthandiza kubwezeretsa zina zimene anataya. Aphunzitsi ake auzeni zimene anadwala.

Mukaona zizindikirozi, bwererani naye kuchipatala ndi buku lake la kuchipatala m'manja. Khunyu lili ndi mankhwala, monga phenobarbital, oyenera kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Khunyu silipatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya, choncho palibe chifukwa chomuthawira kapena kumupatsa mbale yakeyake.

Malungo amafika muubongo makamaka chithandizo chikachedwa. Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa mankhwala a malungo a LA amalize onse ngakhale akuoneka kuti wapeza bwino. Akayamba linjirinjiri, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa, kapena kugona osadzuka mukamugwedeza, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Aliyense agone m'neti chaka chonse, makamaka nthawi ya dzinja komanso m'madera otentha monga Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Katemera wa malungo, amene dziko la Malawi linali loyamba kumupereka mu 2019, amaperekedwa kanayi kuyambira mwana ali ndi miyezi 5. Funsani alangizi a zaumoyo ngati akupezeka kusikelo ya kwanu.