São Tomé ndi Príncipe: Zilumba Zomwe Koko Anadzaza Anthu

Apwitikizi atafika pa zilumba ziwirizi cha m'ma 1470, sanapezepo munthu. Aliyense wokhalako lero makolo ake anabwera pa sitima, ambiri mosafuna. Zilumbazi zili m'nyanja ya Atlantic, pafupifupi makilomita 250 kuchokera kugombe la Gabon, ndipo anthu ake angopitirira 200,000. Pa Príncipe, chilumba chaching'onocho, safika n'komwe 10,000.

Kuti anthu akhale kuti, mvula ndiyo inagamula. Mphepo yachinyontho imachokera kumwera chakumadzulo n'kuomba mapiri a pachilumba chachikulu cha São Tomé, omwe lalitali ndi Pico de São Tomé, mamita 2,024. Mbali imeneyo imalandira mvula yoposa mamilimita 5,000 pachaka, nthaka n'kumakokoloka ndipo misewu sichedwa kuduka. Kumpoto chakum'mawa, kuseri kwa mapiri, mvula ndi yochepa. N'chifukwa chake likulu, doko ndi anthu ambiri anaunjikana kumeneko, kumwera kukhala nkhalango ndi midzi ya asodzi otchedwa Angolares.

Mpwitikizi wina, Álvaro de Caminha, anakhazikitsa mudzi woyamba wolimba mu 1493, ndipo nzimbe zinkalimidwa ndi akapolo. Shuga wa ku Brazil atalanda msika, komanso kapolo wina dzina lake Amador atatsogolera akapolo anzake kuukira mu 1595, ulimiwo unazilala. Khofi ndi koko ndizo zinadzutsanso maesiteti m'zaka za m'ma 1800.

Apa ndi pamene mkangano unayambira. Ukapolo utathetsedwa m'ma 1870, mbadwa za akapolo omasulidwa, otchedwa Forros, zinakaniratu kugwira ntchito m'maesiteti. Eni minda anayamba kuitanitsa antchito a kontrakiti kuchokera ku Angola, kenako Cape Verde ndi Mozambique. Papepala anali mfulu, koma ambiri sanabwererenso kwawo. Linali thangata lenileni. Nkhaniyi itamveka ku Britain, kampani yopanga chokoleti ya Cadbury inasiya kugula koko wa kumeneko mu 1909. Mu February 1953, bwanamkubwa Carlos Gorgulho anathira nkhondo Aforro omwe ankaopa kukakamizidwa ntchito ya m'minda, ndipo anthu mazanamazana anaphedwa m'mudzi wa Batepá ndi madera oyandikana nawo.

Ufulu wodzilamulira utabwera pa 12 July 1975, boma linalanda maesiteti, koma Apwitikizi odziwa kuwayendetsa anali atachoka ndipo zokolola zinatsika. M'ma 1990 minda inagawidwa kwa alimi ang'onoang'ono. Zidzukulu za antchito a kontrakiti zambiri zikukhalabe m'nyumba zakale za m'maesitetimo, pomwe ndale ndi ntchito za boma zakhala kwambiri m'manja mwa Aforro.