Chikhakha choti n'kusamba nacho chilipodi, koma yang'anani za m'kati mwake

Ndikangomaliza kumanga munthu chikhakha, funso loyamba silikhala lakuti fupa lilumikizana liti. Ambiri amayang'ana mkono wawo woyera mbuu uja n'kufunsa kuti, "Nanga adokotala, ndizisamba bwanji?" Masiku ano wina amachita kutulutsa foni n'kundionetsa kanema amene m'bale wake wa ku Johannesburg kapena ku Leeds wamutumizira pa WhatsApp, mwana akusambira m'dziwe chikhakha cha buluu chili kumkono. Kenako amvekere, "Wangayunso mumuike chotere."

Kanemayo si wabodza. Zikhakha zosaopa madzi zilipo, ndipo ku America, ku Australia ndi m'zipatala zambiri zolipira za mayiko ena n'zozolowereka. Chimene anthu amachiphonya n'chakuti mtundu wa buluu kapena wofiira umene ukuoneka kunjawo si umene ukuchititsa kuti mwanayo alowe m'madzi. Nkhani yonse yagona pa chimene chakhudzana ndi khungu.

Tiyambe ndi chikhakha choyera chimene tonse timachidziwa, chomwe kuchipatala timangochitchula kuti POP, chidule cha Plaster of Paris. Ufa wake umachokera ku mwala wa gypsum, umene unkakumbidwa kwambiri ku Montmartre mumzinda wa Paris, n'chifukwa chake dzinalo. Mwalawu akauwotcha umataya madzi ambiri amene unali nawo n'kusanduka ufa. Ufawo ukakumananso ndi madzi umabwerera kukhala mwala, ndipo pobwererapo umatulutsa kutentha, kuja wodwala amamva kufunda tikamamanga. Amene anaganiza zopaka ufawu pa bandeji anali Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, ndipo analemba za njirayi mu 1852. Patangopita zaka zochepa, Nikolai Pirogov wa ku Russia anali kumanga zikhakha asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Crimea. Lero lino tikuchitabe zomwezo: kuviika bandeji m'beseni, kukulunga, kusalaza ndi chikhatho.

POP imagwira pa mphindi 10 kapena 15, koma kuti iume mpaka m'kati pamafunika masiku awiri kapena atatu. Ndipo ikauma, mdani wake ndi madzi omwewo amene anaiumba. Ikanyowa imafewa, imasweka m'malo opindika, imayoyoka ngati chigumu chogonera. Chikhakha chofewa sichigwiranso fupa, changotsala kulemera.

M'zaka za m'ma 1970 kunabwera zikhakha za fibreglass. Imeneyi ndi bandeji yolukidwa ndi ulusi wa galasi n'kuviikidwa mu utomoni wa polyurethane. Nayonso timaiviika m'madzi, koma madziwo ntchito yake n'kungodzutsa utomoniwo kuti ulimbe, ndipo ukalimba sufewanso. Imapepuka, imalimba pa theka la ola, X-ray imadutsamo bwino, komanso imabwera m'mitundumitundu imene ana amaikonda. Chigoba chakecho mutachiponya mumtsinje chikhoza kutuluka chili gwa.

Apa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Pansi pa chikhakha chilichonse pamakhala kansalu konga sokosi ndiponso thonje loteteza khungu kuti lisatikitike. Zikhakha zambiri za fibreglass zimamangidwa pamwamba pa thonje wamba, lomwelija timaika pansi pa POP. Thonje likamwa madzi lili m'kati mwa chigoba silimauma msanga, limatha masiku lili chinyontho. Mukudziwa momwe zala zimayerera ndi kukwinyika mukachapa tsiku lonse? Khungu la m'chikhakha chonyowa limatero usana ndi usiku, mpaka limayamba kusupuka, kununkha, kenako tizilombo timapeza polowera. Ndinachotsapo chikhakha cha mnyamata wina amene anachimangitsa kunja kwa dziko lino ndipo ankasamba nacho tsiku lililonse poganiza kuti "ndi cha pulasitiki". Kunja chinali chokongola ngati chamangidwa dzulo. Fungo la m'kati linatulutsa mayi ake m'chipinda.

Choncho chikhakha chosaopa madzi ndi zinthu ziwiri pamodzi: chigoba cha fibreglass kunja, ndi chofunda cha m'kati chosamwa madzi m'malo mwa thonje. Chofunda choyamba kutchuka chinachokera ku kampani ya W. L. Gore, yomwe imapanga Gore-Tex wa majekete a mvula. Mu 1969 Bob Gore anapeza kuti PTFE, yomwe ambiri timaidziwa kuti Teflon ya m'mapoto osamata chakudya, ukaitenthetsa n'kuikoka mwamphamvu imatanuka n'kukhala ndi timabowo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Dontho la madzi silikwanamo, koma nthunzi imadutsa. Pambuyo pake makampani ena anatulutsa zawo, monga Delta-Dry ndi AquaCast. Zina n'zolukidwa motayana ngati ukonde kuti madzi azingodutsa.

Onani kuti dzina loti "chosalowa madzi", limene ena amatchulira chikhakha chotere, limanama pang'ono. Madzi amalowa ndithu, amafika mpaka pakhungu. Kusiyana kwake n'kwakuti sapeza chowasunga. Ambiri amatulukira kumapeto kwa chikhakha, otsalawo kutentha kwa thupi kumawasandutsa nthunzi. Pakatha ola limodzi kapena kupitirirako m'kati mumakhala mouma. Ubwino wake weniweni, mwa kuona kwanga, si kusambira kuja. Ndi wakuti thukuta ndi litsiro zimatsukika, choncho kuyabwa ndi fungo zimachepa. Koma kukwera mtengo kwa chikhakha sikuchititsa fupa kulumikizana msanga. Mkono wa mwana wothyoka pafupi ndi dzanja umatengabe milungu itatu kapena inayi, wa munthu wamkulu pafupifupi isanu ndi umodzi, kaya muli mu POP kaya mu Gore-Tex.

Chilinso ndi malamulo ake. Mukatha kusamba muyenera kuthira madzi oyera m'kati kuti sopo achoke, chifukwa sopo wotsalira amaotcha khungu. Kenako mutsitse mkono madzi akhe, muupendekere uku ndi uku. Ngati mukugwiritsa ntchito choumitsira tsitsi, mpweya ukhale wozizira. Musanyowetse chikhakha mukupita kukagona. Ndipo madzi amene akunenedwawa ndi a pampopi kapena a m'dziwe lothiridwa mankhwala. Kunyanja ndi kumtsinje ayi: mchenga ukalowa sutuluka, umangokhalira kupala khungu, ndipo m'madzi ambiri a kwathu kuno muli likodzo lomwe silifunsa kuti chikhakha munagula ndalama zingati.

Si aliyense angaikidwe chikhakha chotere, ngakhale ndalama zilipo. Ngati pali chilonda, ngati mwachitidwa opaleshoni ndipo ulusi ukadalipo, ngati pali mawaya otulukira pakhungu, madzi sayenera kufikapo. Zikhakha zodutsa pachigongono kapena pachidendene zimavutanso, popeza madzi amadikha popindikapo, ndiye madokotala ambiri amachikonda pa mkono wa m'munsi kusiyana ndi mwendo. Chachikulu kwambiri ndi kutupa. Masiku oyamba fupa litathyoka, mnofu umatupa, ndipo chigoba cha fibreglass sichipatuka ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake nthawi zambiri timayamba ndi chikhakha cha theka, cha POP, chogwira mbali imodzi yokha, ndipo chozungulira chimabwera pakatha sabata kapena kuposerapo.

Palinso chifukwa china chimene POP sinathere ntchito, ndipo si umphawi wokha. Fupa likasuntha n'kulibwezera m'malo, pamafunika kuumba chikhakha ndi manja kuti chikanikize pamalo oyenera. POP imamvera dzanja ngati dothi la woumba mbiya. Fibreglass imakana, imafuna kubwerera momwe inalili. Ana obadwa ndi mapazi opindika amene timawawongola sabata ndi sabata mwa njira ya Ignacio Ponseti, amamangidwa POP pa chifukwa chomwechi, ngakhale m'mayiko olemera. Mtengo nawonso ndi nkhani: fibreglass ndi yodula kangapo konse, chofunda chosamwa madzicho chimawonjezera pamwamba, ndipo paketi yake ikangobooka chinyezi cha mumpweya chimaiumitsa ili pashelefu. Chipatala cha boma chimene nyengo ya mango chimalandira ana akugwa mumtengo mzerewo mpaka panja, kuphatikizapo ovulala pa kabaza, sichingadalire zimenezo.

Ndiye ngati chanu ndi choyera chija, kapena ndi cha mtundu koma amene anamanga sanakuuzeni mosapita m'mbali kuti m'kati anaika chosamwa madzi, chitengeni kuti chimaopa madzi. Posamba kulungani kathaulo kumlomo kwa chikhakha, valitsani majumbo awiri, mumange kumtunda kwake mosathinitsa, ndipo mkono ukhale m'mwamba kuti madzi asatsetserekere m'kati. Jumbo ndi yotchinga madontho chabe, si yoviika nayo m'ndowa. Mwana wamng'ono ingomupukutani ndi kansalu konyowa. M'dzinja jumboyo iziyenda nanu m'chikwama, ndipo wa chikhakha cha kumwendo asaponde m'matope kapena mu udzu wa mame. Chikanyowa pang'ono kunja, chiumitseni pamphepo, osati pa mbaula, chifukwa khungu la m'kati likhoza kupsa inu musanamve. Chikanyowa mpaka thonje, kapena chikafewa, bwerani tidzasinthe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kukayabwa musalowetsemo kamtengo, sipoko kapena bolopeni. Gogodani pang'ono pamwamba, kapena kupizirani mphepo.

Zina sizidikira kuti kuche, kaya chikhakhacho n'cha mtundu wanji. Ululu umene ukukulirakulira osamva mankhwala, makamaka ukamakula wina akawongola zala zanu, dzanzi, zala zotupa kwambiri, zozizira kapena zosintha mtundu, zimatanthauza kuti chikhakha chathina ndipo magazi sakuyenda bwino. Mnofu wosowa magazi umayamba kufa pa maola ochepa chabe. Pitani usiku womwewo, tikaching'ambe.

Tsiku lochotsa, amene muli ndi chosaopa madzi muuzeni wodulayo asanayatse sowo. Sowo yodulira chikhakha, imene Homer Stryker wa ku Michigan anaipanga m'zaka za m'ma 1940, siizungulira koma imangonjenjemera, n'chifukwa chake imadula cholimba n'kusiya chofewa. Koma imatentha, ndipo thonje ndi limene limateteza khungu ku kutenthako. Chofunda chosamwa madzi n'chopyapyala ndipo sichitchinga mofanana, moti omanga ena amaikiratu kalamba koteteza m'kati motsatira mzere wodzadulapo. Ngati munamangitsa ku Johannesburg ndipo mukudzachotsera kuno, wodulayo sangadziwe zimenezi pongoyang'ana kunja.