Kuwala kwa quasar kukasintha, kumaulula kukula kwake

Mu 1963, Maarten Schmidt anazindikira kuti kadontho kotchedwa 3C 273 si nyenyezi, koma chinthu chowala kwambiri cha mtundu umene tsopano umatchedwa quasar, chakutali kwambiri moti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni kuti kutipeze. Chaka chomwecho, Harlan Smith ndi Dorrit Hoffleit anafukula zithunzi zakale zosungidwa ku Harvard, zina za m'ma 1880, napeza kuti kadonthoko kakhala kakuwala ndi kuzilala nthawi yonseyo.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chokuposa. Chinthu sichingawale kapena kuzilala chonse pamodzi msanga kuposa nthawi imene kuwala kumatenga kuti kuchidutse. Chikasintha m'mwezi umodzi, ndiye kuti sichiposa mtunda umene kuwala kumayenda m'mwezi. Kuti kudutse mlalang'amba wathu, kuwala kumatha zaka pafupifupi 100,000, koma quasar, yomwe imawala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawu, imatulutsa mphamvu zake pamalo ochepetsetsa choncho. Pakati pake pali black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawemo, yolemera kuposa dzuwa mamiliyoni kapena mabiliyoni, yozunguliridwa ndi chimbale cha gasi wotentha amene akugweramo.

Kusinthaku kulibe ndondomeko. Ma quasar ambiri amakwera ndi kutsika ndi 10 mpaka 20 peresenti pa miyezi kapena zaka, ndipo akawala kwambiri amaoneka obiriwira ngati thambo, chifukwa mkati mwa chimbalecho, momwe mumatentha koposa, ndi momwe mumasintha kwambiri. Wina akakuuzani kuti wapeza quasar yobwereza nthawi yake atangoona kukwera kuwiri kapena kutatu, musafulumire kuvomera. Kusintha kwachisawawa kumanamiza maso. OJ 287, imene imawalima pafupifupi zaka 12 zilizonse, imakhulupirika chifukwa zithunzi zake zilipo za zaka zoposa 100.

Phindu lalikulu lili pa kuchedwa. Mukafuula pafupi ndi phiri, nthawi imene mawu amatenga kuti abwerere imakuuzani mtunda wokafika kuphirilo. Chimbale chikawala mwadzidzidzi, mitambo ya gasi imene ili chapatali imayankha mochedwa. Pa mlalang'amba wa NGC 5548, umene pakati pake palinso black hole ndi chimbale chotere, ndipo akatswiri anayamba kuulondoloza mu 1988, gasi wa haidrojeni ankayankha patapita masiku pafupifupi 20, kusonyeza kuti mitamboyo ili pa mtunda umene kuwala kumayenda masiku 20. Akaphatikiza mtundawo ndi liwiro la mitamboyo, amapeza kulemera kwa black hole, kumene pa NGC 5548 ndi madzuwa mamiliyoni makumi angapo. Zonsezi popanda telesikopu yotha kuona mitamboyo payokha.

Lamulo la kukula lija limafuna kusamala pa ma blazar, abale a quasar amene amapopera gasi molunjika kwa ife pa liwiro loyandikira la kuwala. Mu July 2006, matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia anaona blazar yotchedwa PKS 2155-304 ikusintha m'mphindi zochepa chabe. Gasi wothamangira kwa ife amakhala ngati akupikisana ndi kuwala kwake komwe, choncho zochitika zimaoneka zofupika komanso zowala kuposa mmene zilili.

Poyeza, akatswiri amajambula quasar pamodzi ndi nyenyezi zingapo zosasintha pachithunzi chimodzi, n'kuyerekeza kuwala kwake. Mtambo wopyapyala ukadutsa, zonse zimazilala pamodzi ndipo kusiyana kwake sikusintha. Chovuta chimabwera pa milalang'amba yapafupi ngati NGC 5548. Usiku umene mpweya wasokonezeka, kuwala kwa pakati kumamwazika, ndipo gawo la nyenyezi za mlalang'ambawo mu muyesowo limasintha, n'kuoneka ngati pakatipo pazilala pomwe ayi. Palinso mipata: chaka chilichonse chinthucho chimabisika kwa miyezi ingapo dzuwa likakhala mbali yake, ndipo mipatayo imabala kuchedwa konama.

Nthawi imene mwayeza nayonso si yeniyeni, chifukwa kufutukuka kwa chilengedwe kumaitalikitsa. Muigawe ndi redshift, nambala yosonyeza mmene kufutukukako kwatambasulira kuwala kwa chinthucho, mutawonjezerapo 1. Pa 3C 273, redshift ndi 0.158 ndipo kusiyana n'kochepa, koma pa quasar ya redshift 2, zimene taona kwa zaka zitatu zinachitika m'chaka chimodzi.