Kuyambitsa wailesi ya ophunzira pa yunivesite

Ophunzira akangogwirizana zoyambitsa wailesi, ambiri amathamangira kugula zipangizo. Choyamba chikhale chiphaso. Mafunde a FM, amene m'mayiko ambiri amayambira pa 87.5 mpaka 108 MHz, amagawidwa ndi bungwe la boma, monga Ofcom ku Britain kapena FCC ku United States. Chiphasocho chimatchula mafunde anu, mphamvu ya thiransimita (makina otumiza mafunde a wailesi) ndi malo oimikapo mlongoti, choncho wogula thiransimita chiphaso chisanatuluke angathe kugula yosaloledwa. Mwini chiphaso akhale yunivesite, popeza ophunzira amamaliza maphunziro n'kumapita. Komabe pakhale pangano lolembedwa lakuti osankha nkhani ndi ophunzira. Popanda panganoli, nkhani yoyamba yodzudzula akuluakulu a sukulu ndi imene idzatseketse wailesi. Kuimba nyimbo pamphepo nakonso kumafuna chilolezo cha bungwe loteteza eni nyimbo.

Podikira chiphaso, yambani kuulutsa pa intaneti ndi pulogalamu yaulere ya Icecast. Mukamaulutsa pa liwiro la 64 kbps, womvera mmodzi amatha data pafupifupi 29 MB pa ola, ndipo anthu 100 akamamvera nthawi imodzi, seva, kompyuta yotumiza mawu kwa omvera, imafunika kutumiza 6.4 Mbps.

Situdiyo yoyambira siifuna zambiri: mamaikolofoni atatu a mtundu wa dynamic, amene satola kwambiri phokoso la panja, mikisa (makina osakanizira mawu), mahedifoni, ndi makompyuta awiri, ina yoimbira nyimbo, ina yojambula zonse zimene zaulutsidwa. Zojambulazo ndi umboni wanu wina akadandaula kuti munamuipitsira mbiri. Masipika a mu situdiyo azizima okha maikolofoni ikayatsidwa, apo ayi mawu amazungulira n'kuyamba kulira mokweza. Woimba foni muzimutumizira mawu onse kupatula ake, njira imene akatswiri amati mix-minus. Akamadzimva yekha mochedwa amasokonezeka n'kuyamba chibwibwi.

Pa FM kutalika kwa mlongoti kumaposa mawati a thiransimita. Mafundewa amayenda pafupifupi molunjika, ndipo phiri kapena nyumba zazitali zimawatchinga. Kuwirikiza mphamvu kawiri sikuwirikiza mtunda kawiri, kumangowonjezera 3 dB pa muyeso wa mphamvu ya mafunde. Nthambo yolumikiza thiransimita ndi eriyo ikhale ya 50 ohms, yaifupi mmene mungathere, molumikizira mwake mokutidwa bwino kuti madzi asalowe. SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, ikadutsa 1.5, fufuzani vuto, chifukwa mphamvu ina ikubwerera n'kumatenthetsa thiransimita. Kuiyatsa eriyo isanalumikizidwe kungaiotche pomwepo. Mlongoti ukhale ndi waya wopita m'nthaka woteteza ku mphezi.

Chimene chimapha mawailesi otere kawirikawiri ndi kuchoka kwa anthu. Oyambitsa amadziwa zonse pamtima, ndipo akamaliza maphunziro otsala amapeza kuti palibe wodziwa pasiwedi ya seva kapena tsiku lokonzetsa chiphaso. Udindo uliwonse, wa pulogalamu, wa nkhani, wa zipangizo, ukhale ndi wachiwiri wa chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo kupatsana maudindo kuchitike mayeso omaliza asanayambe. Lembani buku losonyeza kumene waya uliwonse ukupita ndi chochita magetsi akazima. Musalonjeze maola 24 tsiku loyamba. Maola anayi osaphonya tsiku lililonse amakopa omvera, ndipo nthawi ya tchuthi mungakonzeretu mapulogalamu ojambula kale mu pulogalamu ya pakompyuta ya LibreTime kapena Rivendell kuti aziuluka okha.