Lamba wachikopa akauma, musathamangire mafuta

Kuyambira Meyi mpaka mvula itayamba mu Novembala, mpweya wa mu Lusaka umakhala wouma, ndipo dzuwa la Okutobala limamaliza ntchito imene mphepo ya Juni ndi Julayi inayamba. Ino ndi nyengo imene ife osoka zikopa timalandira malamba ambiri: a m'chiuno, a zikwama za amayi, a makamera, a mawotchi, a nsapato zapatapata zachikopa. Onse amabwera ali gwa, ena atayamba kale ming'alu. Ambiri sanaonongeke ndi ukalamba ayi. Anaonongeka tsiku limene mwiniwake anaona kuti auma, n'kuwapinda mwamphamvu kuti afewe, kapena kuwathira mafuta alionse amene anali pafupi.

Chikopa ndi timaulusi tambirimbiri tolukanalukana. Ofufuta zikopa akamaliza ntchito yawo amalowetsamo mafuta kuti timaulusi timeneti tizitsetsereka tikamakhudzana, ndipo n'chifukwa chake lamba watsopano amapindika popanda vuto. M'kupita kwa zaka mafuta aja amatha. Dzuwa limawaumitsa, mvula imawakokolola, ndipo mchere wa m'thukuta umatsalira m'kati n'kumakoka chinyezi chochepa chimene chikopa chimafuna. Timaulusi timamatirirana. Mukapinda lamba ali choncho, m'malo motsetsereka timaduka, ndipo ulusi umene waduka palibe mafuta amene angaulumikize. Amene anamangapo denga ndi luzi akudziwa kuti luzi louma umayamba walinyika, ukalikakamiza limathetheka. Chikopa chimafunanso ulemu womwewo.

Musanagule chilichonse, onani kaye ngati muli ndi chikopa chenicheni. Malamba ambiri a pasalaula kumsika wa Soweto ndi a m'masitolo a ku Kamwala ndi pulasitiki yomatidwa pansalu, kapena zinyenyeswa za chikopa zophatikizidwa ndi guluu n'kupakidwa utoto pamwamba. Oterewa akakalamba amasupuka khungu, ndipo pansi pake mumaona nsalu kapena chinthu chonga katoni. Amenewa musatayirepo ndalama. Chikopa chenicheni mukachiyang'ana m'mbali kapena kumbuyo chimaoneka chaubweyaubweya, ndipo mukadonthezera madzi kumbuyo kwake amalowa n'kusiya banga lakuda.

Zikopa zenizeninso zili mitundu iwiri ikuluikulu. China chimafufutidwa ndi makungwa a mitengo: chimakhala cholimba, m'kati mwake n'chofiirira, ndipo chimamwa madzi ndi mafuta mosavuta. Malamba ochindikala a m'chiuno ndi a zishalo za akavalo nthawi zambiri amakhala amenewa, ndipo ndi amene amauma kwambiri komanso amene amatsitsimuka bwino. China chimafufutidwa ndi mankhwala a chrome, ndipo ndicho chochuluka padziko lonse masiku ano. N'chofewa, ndipo mukadula kansonga m'kati mumaoneka motuwa mobiriwirako ngati utoto sunalowerere. Chimenechi chimafuna mafuta ochepa zedi, makamaka ngati pamwamba pake anapakapo utoto wonyezimira umene sulola kanthu kulowa.

Kenako yang'anani ngati lambayo ali ndi moyo. Mupindeni pang'ono chabe pamalo owala. Ming'alu ing'onoing'ono ya pamwamba si yoopsa. Idzaonekabe, koma lamba adzagwira ntchito. Ming'alu yolowa mpaka pakati pa chikopa ndi nkhani ina, makamaka pafupi ndi mabowo ndi pamene lamba amapindikira pachitsulo chomangira, chifukwa mpamene amadukira. Palinso matenda a chikopa chakale cha makungwa amene amachisandutsa fumbi lofiira lotsalira m'manja mukachikhudza. Chikafika pamenepo chavunda ndi asidi wochokera mu utsi wa mumpweya, ndipo kuchipaka mafuta kumangochidetsa. Pa mfundo iyi sindinyengerera: lamba wonyamula katundu wolemera kapena wamtengo wapatali, monga wa kamera kapena wokokera ngolo, akang'aluka mozama ndimamusintha. Mafuta angabise mng'alu, lamba n'kuoneka bwino, koma mphamvu yake sibwerera. Ngati ndi lamba wa malemu bambo anu amene mukufuna kusunga ngati chikumbutso, ameneyo mukhoza kumutsitsimutsa, bola musamusenzetse katundu.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kutsuka, chifukwa fumbi lofiira la m'makomboni mwathu likasakanikirana ndi mafuta limasanduka phala lokwecha chikopa. Chotsani chitsulo ngati chimachoka. Sasani fumbi ndi burashi yofewa, ndipo m'misoko gwiritsani ntchito mswachi wakale. Pukutani ndi kansalu konyowa kofinya bwino, mutapakapo pang'ono sopo wa zikopa amene amalembedwa kuti saddle soap. Akasowa, sopo wofatsa wosambitsira ana angathandize, koma wochepa kwambiri. Sopo waufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale musayerekeze, pakuti ntchito yawo ndi kuchotsa mafuta, ndipo amachotsa ngakhale otsala aja. Mukaona zobiriwira zonga phula pamene chitsulo chamkuwa chimakhudza chikopa, zipaleni ndi kamtengo. Zimabwera mkuwa ukakumana ndi mafuta a m'chikopa, ndipo zikachuluka zimakankha misomali ndi misoko.

Pali chinthu chimene ambiri amachidumpha, chonsecho ndicho chimapulumutsa lamba wouma gwa. Musanapake mafuta, mubwezereni chinyezi. Mukulungeni m'nsalu yonyowa pang'ono, yosadontha, ndi kumusiya pamthunzi maola angapo. Osamuviika m'beseni, ndipo madzi otentha asamukhudze. Mukamutulutsa, dikirani mpaka pamwamba pauma koma mukamugwira akuzizirabe m'manja. Pamenepo timaulusi tamasuka, ndipo chinyezi chikamachoka mafuta amalowa m'malo mwake mofanana paliponse. Pachikopa chouma kwambiri mafuta amamwedwa pamalo amodzi n'kusiya mawanga.

Mafuta amene ndimakhulupirira pa malamba ochindikala ndi neatsfoot oil, amene amachokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe. Funsani m'masitolo ogulitsa zipangizo za akavalo ndi za alimi. Werengani botolo: lolembedwa kuti pure ndi lenileni, lolembedwa kuti compound ndi losakaniza ndi mafuta ena, kawirikawiri ochokera ku mafuta a pansi. Lanolin, amene amachokera ku ubweya wa nkhosa, ndi wabwinonso, makamaka pa zikopa zofewa. Dubbin, amene osewera mpira akale ankapaka nsapato zawo, amateteza bwino ku madzi, koma ndi wolemera ndipo amayenera malamba a ntchito kusiyana ndi a zikwama za kutchalitchi. Mafuta a ng'ombe osungunula ndi kusefa bwino, opanda mchere, akhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira kalekale, ndipo amathandiza pa zingwe zachikopa za kumunda.

Pakani pang'ono kwambiri. Donthezerani pakansalu, osati pachikopa, ndipo pakani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, podziwa kuti kumbuyo kumamwa msanga kuposa kutsogolo. Mukatero musiyeni maola 24. Mawa lake mukamuona wamwa zonse ndipo akadali wolimba, pakaninso kachiwiri, n'kudikiranso. Lamba wouma kwambiri angafune katatu. Kupinda kumayamba pokhapokha mafuta atalowa: muzungulizeni pabotolo lalikulu, kenako pa laling'ono, kenako pachala, mukumvetsera ndi manja. Akamalira kapena kukana, imani, sanakonzeke.

Kuchulutsa mafuta n'koipa kuposa kuchepetsa. Chikopa chokhuta mafuta chimalobodoka, chimatamuka, mabowo amatalika, ndipo chimadetsa malaya ndi buluku kwa miyezi. Ochepa mukhoza kuwonjezera mawa, koma ochuluka kuwatulutsa n'kovuta zedi. Dziwaninso kuti mafuta alionse amadetsa mtundu, choncho yesani kaye pakansonga kobisika. Chikopa chaubweya pamwamba, cha suede, sichipakidwa mafuta amenewa n'komwe, chimathimbirira osabwereranso.

Pa mafuta olakwika, amene ndimakumana nawo kwambiri ndi saladi, mafuta ophikira. Amafewetsa tsiku loyamba, koma pakapita nthawi amasasa, lamba amanunkha ndi kumata, ndipo makoswe ndi mphemvu amamupeza. Oilo wakale wa galimoto ndi woipa koposa, chifukwa ali ndi zinyalala za mu injini ndi asidi zimene zimadya chikopa ndi ulusi, komanso si chinthu choti chizikhudza khungu la munthu kapena khosi la ng'ombe. Vaseline amakhala pamwamba n'kumakola fumbi. Polishi wa nsapato amabwezera mtundu ndi kuwala, koma sadyetsa chikopa, ndipo polishi wa palamba wa m'chiuno amathera pazovala.

Lamba akafewa, mutsekeni ndi phula la njuchi kuti mafuta asathe msanga ndiponso madzi asalowe. Dziko lathu lili ndi mwayi pamenepa, chifukwa kumadera a Mwinilunga ndi Kabompo kumachokera uchi ndi phula lambiri, ndipo ogulitsa uchi ena m'misika amakhala nalo. Ine ndimasungunula gawo limodzi la phula ndi magawo atatu a neatsfoot oil m'kachitini koikidwa m'madzi otentha, osati pamoto penipeni. Zikazizira zimakhala phala lofewa. Pakani pang'ono ndi chala, dikirani, kenako kwechani ndi nsalu youma mpaka kumata kutatha.

Kutentha ndi mdani wamkulu pa ntchito yonseyi. Ena amaganiza za ng'oma imene amaiwamba pamoto kuti ilire bwino, koma chija ndi chikopa chosafufuta ndipo cholinga chake n'choti chikungike. Lamba wonyowa mukamuika pafupi ndi mbaula, padenga la malata kapena kutsogolo kwa galimoto yoimikidwa padzuwa, amakhwinyata ndi kuuma ngati thabwa, ndipo akapsa chotero sabwerera. Akanyowa ndi mvula mupukuteni, mumupachike pamthunzi pamene pakupita mphepo, aume yekha.

Mvula ikayamba vuto limatembenuka: chikopa chimachita chuku, makamaka chopakidwa mafuta ambiri ndi chosungidwa m'pepala la pulasitiki. Chukucho chisasireni panja, pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, ndipo chikauma pakani phala lija la phula pang'ono. Sungani malamba atapachikidwa kapena atakulungidwa momasuka m'nsalu. Lamba wa wotchi, amene amamwa thukuta tsiku lililonse, muvuleni posamba ndi pochapa, ndipo muzimupukuta kumbuyo ndi kansalu konyowa kamodzi pa mlungu. Kwa lamba wogwiritsidwa ntchito masiku onse muno mu Lusaka, kupaka kawiri pachaka n'kokwanira, mu Meyi nyengo youma ikamayamba ndi mu Okutobala mvula isanagwe. Nthawi yomweyo yang'anani misoko, chifukwa ulusi wathonje umatha msanga kuposa chikopa, ndipo wosoka nsapato wa pamsika wanu akhoza kuusokanso m'mabowo akale omwewo popanda kuboola atsopano.