Mahedifoni Akayamba Kumveka Motsika, Musathamangire Kukweza Voliyumu

Mahedifoni ambiri safa tsiku limodzi. Amayamba ndi kumveka motsika mbali imodzi, besi n'kumazimiririka pang'onopang'ono, mawu a woimba n'kumamveka ngati akuchokera m'chipinda china. Ambirife timangodina batani lokwezera voliyumu, mawa n'kudinanso. Nthawi zambiri chavuta chimakhala kanyansi kamene katseka kasefa ka potulukira mawu, kapena kamphira kosakwana bwino m'khutu, zinthu zoti mukhoza kukonza nokha pa mphindi zochepa. Mukazisiya n'kumadalira voliyumu, amene amavutika ndi makutu anu.

Zimene phokoso limachita m'khutu

Mkati mwenimweni mwa khutu, kuseri kwa nembanemba imene imanjenjemera mawu akafika, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono kotchedwa cochlea. M'menemo muli timaselo pafupifupi 16,000 tokhala ndi titsitsi pamwamba pake, ndipo ndi timene timasandutsa kunjenjemera kuja kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa timaseloti. N'chifukwa chake munthu akachoka kudansi makutu amalira, kapena amamva ngati muli thonje. Kawirikawiri zimenezi zimatha pakapita maola angapo kapena tsiku limodzi. Koma timaseloti tikatopetsedwa mobwerezabwereza timafa, ndipo mwa munthu sitimeranso. Palibe mankhwala kapena opaleshoni yotibwezeretsa.

Choopsa chake n'chakuti sizipweteka, ndiye munthu sadziwa kuti zikuchitika. Oyamba kutayika amakhala mawu ang'onoang'ono akuthwa, monga "s", "f" ndi "ts". Munthu amamva ndithu kuti mnzake akuyankhula, koma sakugwira zimene akunena, makamaka pamalo pamene pali anthu ambiri. Iye amaganiza kuti anzakewo ndi amene akuyankhulira kukhosi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka zapakati pa 12 ndi 35 ali pachiopsezo chotaya kumva chifukwa cha kamvedwe kosasamala ka nyimbo. M'chaka cha 2019 bungweli, pamodzi ndi bungwe la ITU loona zamatelefoni, linakhazikitsa muyeso uwu: munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa madesibelo 80 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo kwa ana muyesowo ndi madesibelo 75. Kuti mukhale ndi chithunzi, anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Mukawonjezera madesibelo atatu okha, amene khutu limangowamva ngati kusintha pang'ono, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Pa 83 mwatsala ndi maola 20 pa sabata, pa 86 maola 10, pa 92 maola awiri ndi theka. Pa 100 ndi mphindi zosakwana 30 pa sabata yonse, ndipo mafoni ambiri amafika pamenepo mukakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Choyamba dziwani: ndi hedifoni kapena ndi khutu?

Mbali imodzi ikamamveka motsika, sinthanitsani: ikani ya kumanzere ku khutu lamanja, ya kumanja ku khutu lamanzere. Ngati kutsika kwasamuka limodzi ndi hedifoniyo, vuto lili m'chipangizo ndipo werengani zimene zili m'munsizi. Ngati khutu lomwelo likumvabe motsika ngakhale mwasinthanitsa, siyani kulimbana ndi mawaya. Khutulo likufunika kuonedwa ndi achipatala. Mwina ndi phula lokha limene latseka, koma mwina ndi zina.

Yesaninso mahedifoniwo pa foni ina kapena pa kompyuta. Akamveka bwino kumeneko, yang'anani foni yanu.

Kasefa kotsekeka

Ili ndiye vuto lofala kwambiri pa timahedifoni tolowa m'khutu. Potulukira mawu pali kasefa kopyapyala, ndipo phula la m'khutu, thukuta ndi fumbi zimaunjikana pamenepo mpaka timabowo tonse n'kutsekeka. Chotsani kamphira, gwirani hedifoniyo kasefako katayang'ana pansi kuti zinyalala zizigwa m'malo molowa mkati, kenako kwechani pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa, wouma, umene simugwiritsanso ntchito m'kamwa. Phula louma la m'mphepete lichotseni ndi kamtengo kotokosera mano, osakanikiza. Singano ndi pini ayi: zimaboola kasefa, ndipo kakabooka zinyalala zimafika pa sipika yeniyeniyo.

Timphirato titsukeni patokha ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, ndipo tiume kotheratu musanatibwezere. Kunja kwa hedifoni pukutani ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti, koma musathire madzi kapena sipiriti pa kasefa. Mukamaliza, tsitsani voliyumu musanaike m'khutu. Anthu amadabwa ndi mmene mawu amabwererera, ndipo voliyumu imene munazolowera dzulo ikhoza kukhala yopweteka lero.

Kamphira kakwane bwino

Besi imadalira kuti mpweya usatuluke pakati pa hedifoni ndi khutu. Kamphira kakachepa, besi imathawa, phokoso lakunja limalowa, ndiye mumakweza voliyumu pofuna kubweza zonse ziwiri. Mahedifoni ambiri amabwera ndi timphira tamasaizi atatu, koma ambirife timagwiritsa ntchito tomwe tinabwera titaikidwa kale, tinato n'kutaya limodzi ndi bokosi. Yesani tonse, ndipo khutu lililonse palokha, chifukwa makutu a munthu mmodzi safanana kwenikweni kukula. Polowetsa, kokerani khutu m'mwamba ndi kumbuyo pang'ono ndi dzanja linalo kuti njira iwongoke. Mudziwa kuti kakwana mukamva phokoso lakunja likutsika nyimbo musanayatse n'komwe. Timphira tasiponji, timene mumafinya musanalowetse kenako n'kufufuma tokha, timatseka bwino kuposa tamphira wamba, koma timagwira litsiro msanga ndipo timafunika kusinthidwa pafupipafupi.

Pa mahedifoni akuluakulu ophimba khutu lonse, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi timapilo. Tikaphwa kapena kusupuka, mawu amasintha ngakhale sipika ili bwinobwino. Tambiri timachoka mukatikoka kapena kutipotokola, ndipo kuikapo tatsopano kumatsitsimutsa mahedifoni akale kuposa china chilichonse chimene mungachite. Ovala magalasi dziwani kuti timiyendo ta magalasi timasiya mpata pansi pa kapilo, besi n'kumatulukira pomwepo.

Pulagi, waya ndi zosintha za mu foni

Mawu akamadukaduka kapena kuthetheka mukagwedeza pulagi, yang'anani m'kabowo ka foni ndi tochi. Tiulusi ta m'thumba timadzazana pansi pake mpaka pulagi n'kulephera kufika kumapeto. Zimitsani foni, n'kutichotsa mofatsa ndi kamtengo, osati chitsulo. Chikwama cha foni nachonso nthawi zina chimatchinga pulagi. Pulagi yosalowa yonse imachititsa kuti zoimbira zizimveka koma mawu a woimba azisowa.

Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso pa mapulagi a mamilimita 3.5 okhala ndi maikolofoni, aja a mizere itatu. Alipo amitundu iwiri, CTIA ndi OMTP, ndipo amasiyana kalumikizidwe ka mawaya awiri mkati. Mukaika mtundu wosagwirizana ndi foni, mawu amamveka patali, n'kumabwerera mukadina batani la maikolofoni osalisiya. Pamenepo palibe chathyoka, kofunika ndi ka adaputala kosinthira.

Waya amakonda kuduka mkati, pafupi ndi pulagi kapena pamene amagawikana. Yatsani nyimbo motsika, n'kumapinda wayayo pang'onopang'ono kuchokera ku pulagi. Pamene mawu abwerere ndi pamene paduka. Tepi imangogwirizira masiku ochepa, kukonza kwenikweni n'kudula pamenepo n'kuwotcherera pulagi ina. Pozula muzigwira pulagi, osati waya.

Mu foni yang'anani zinthu ziwiri. Pa gawo la Accessibility pali kachizindikiro kogawa mawu kumanzere ndi kumanja, ndipo kamatha kusuntha mwangozi, kabwezereni pakati. Pa equalizer, posinthira besi ndi mawu akuthwa, ndi bwino kutsitsa zimene zachuluka kusiyana n'kukweza zimene zachepa. Ngati mawu akulasa m'khutu, tsitsani akuthwawo pang'ono m'malo mowonjezera besi mpaka sipika kumanjenjemera. Mahedifoni a Bluetooth akamavuta, afufuteni pa mndandanda wa foni n'kuwalumikizanso, ndipo pukutani tizitsulo totchajira.

Zoti musachite

Mapulogalamu okweza mawu kupitirira malire a foni apeweni. Amasokoneza mawu, amaononga sipika, ndipo amafikitsa khutu pa madesibelo oopsa aja. Ena amamata tepi pa tibowo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa hedifoni pofuna kusintha besi. Tibowo timeneti tinaikidwa dala kuti mpweya uzipuma, ndipo kutitseka kungachititse kuti muzimva kukanikizika m'khutu. Enanso amadzipangira timphira podula zotsekera m'makutu zasiponji n'kuboola pakati. Zimatheka, koma kachidutswa kakatsalira m'khutu musayese kukachotsa ndi chotokosera chilichonse, pitani kuchipatala. Mahedifoni opanda waya musawatsegule, chifukwa muli batire ya lithium imene imatha kuyaka ikabooledwa. Ikatupa kapena ikamatentha modabwitsa, siyani kuwagwiritsa ntchito.

Ndipo poti tanena za phula: khutu limadziyeretsa lokha, phulalo limatuluka pang'onopang'ono ndipo limateteza khungu la mkati. Timitengo tathonje timangolikankhira mkati. Pukutani kunja kokha ndi kansalu. Kuvala timahedifoni tolowa m'khutu tsiku lonse kumatsekereza phula ndi chinyezi, zimene zingayambitse kuyabwa ndi kutupa kwa njira ya khutu. Musavale makutu ali onyowa, ndipo musabwerekane musanatsuke timphira.

Voliyumu yoyenera

WHO imalangiza kuti voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100 a mapeto ake, komanso kuti muzipumitsa makutu pafupipafupi. Ngati munthu amene waima pafupi, poti mukhoza kumukhudza ndi dzanja, akuchita kukuwa kuti mumumve, tsitsani. Mafoni ambiri ali ndi poikira malire: pa iPhone pali Headphone Safety pansi pa Sounds & Haptics, ndipo pa Samsung pali Media volume limit. Makolo, ikani malirewa pa foni imene mwana amagwiritsa ntchito. Pamalo aphokoso monga m'basi, mahedifoni otseka bwino kapena ochepetsa phokoso lakunja amathandiza kuti mumve bwino pa voliyumu yotsika. Koma omwewo ndi oopsa mukamayenda pamsewu kapena kupalasa njinga, chifukwa hutala simuimva.

Pitani kuchipatala ngati:

- makutu akulira kapena kuchita phokoso kwa masiku angapo osasiya
- mukupempha anthu kubwereza zimene anena kawirikawiri, kapena a m'nyumba akudandaula kuti mumakweza wailesi ndi TV
- khutu likupweteka, likuyabwa kwambiri, kapena likutuluka mafinya kapena magazi
- mukumva chizungulire limodzi ndi kusamva bwino

Chimodzi chokha sichidikira mawa. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, pa maola ochepa kapena podzuka m'mawa, pitani tsiku lomwelo. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi phula kapena chimfine n'kudikira sabata, koma ngati vuto lili mkati mwa khutu, mankhwala ake amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku oyambirira. Mukafika, auzeni adokotala tsiku limene zinayamba, khutu lake ndi liti, komanso maola amene mumavala mahedifoni pa tsiku.